Fackson Wonunkhiza Ndiwo

Ku komboni ya George mu Lusaka, mukafunsa za Fackson Njobvu anthu amayamba akanda kaye kumutu. Koma mukangoti "bambo aja onunkhiza ndiwo", aliyense amakulozerani njira: mudutse pa mpope wa madzi, mukhote pomwe amagulitsa makala, mupeza nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi miyala padenga. Dzinalo linamukakamira, ndipo silinali labodza. Munthuyo akapatsidwa mbale, kaya ndi pamaliro kaya ndi paukwati, ankayamba wayandikitsa mphuno, kenaka n'kufunsa mwaulemu kuti mwathiramo chiyani. Funso lotere kuno safunsa. Ndiwo za eni ake umangodya n'kuthokoza, zikakupweteka ukadandaulire kwanu.

Fackson anabadwira ku Matero. Bambo ake anali a ku Petauke, anabwera m'tauni kudzafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera. Iye sukulu anailekezera panjira, koma mwayi unamugwera wa ntchito pa fakitale ina yosoka matumba. Inali nthawi imene makampani anali a boma, munthu ukalowa ntchito umadziwa kuti udzatulukamo uli ndi imvi. Masana ankadya ku kantini, Loweruka n'kubwera kunyumba ndi kanyama kokulunga m'nyuzipepala. Masiku amenewo mphuno yake inkagwira ntchito yopumira basi.

Anakwatira Justina, mtsikana wobadwira m'tauni momwemo, wamfupi, wolankhula mothamanga, amene kuphika kunali ulemerero wake. Tsiku limene achibale a mkazi anabwera ndi miphika kudzaonetsa mkamwini zakudya za kwawo, monga umachitikira mwambo ku Lusaka, anzake a Fackson anadya mpaka kumasula malamba. Anamuuza kuti akadzamusiya mkazi ameneyu ndiye kuti walodzedwa. Justina analeredwa ndi azakhali ake, a Elina, amene anamukhomerera m'mutu malamulo a m'nyumba: mwamuna m'pamimba, mbale yake ndiyo iyamba kupakulidwa, ndiyo ilandira zabwino, ndipo ikabwerera yosakhudzidwa ndiye kuti pali mlandu. Mwana wawo woyamba anamutcha Webster, choncho Justina ankaitana mwamuna wake kuti Bashi Webster, kutanthauza bambo ake a Webster, iye n'kumayankha kuti Amake Webster. Pambuyo pake panabwera ana ena atatu.

Kenaka zinthu zinatembenuka. M'zaka za m'ma 1990 makampani anayamba kugulitsidwa, ndipo fakitale ya matumba inagulidwa ndi anthu amene palibe anawaona nkhope. Ntchito yoyamba imene eni atsopanowo anagwira inali yoika loko pageti. Banja linasamuka ku Matero kupita ku George, kumene lendi inali yopepukirako. Ufa anayamba kugula wa m'timapepala tokwanira tsiku limodzi. Nyama inatsanzika, nkhuku inatsatira, ngakhale kapenta amene kale ankamunyoza anayamba kudzimva.

Apa m'pamene kyubu inalowa m'nyumbamo. Kanali kachinthu kakang'ono ngati chala chakumapazi, kokulunga m'pepala lonyezimira, kopezeka pa kantemba, kagolosale kakang'ono, kalikonse m'komboni. Ukakafikisira mu kabichi, kabichiyo amanunkha nkhuku. Ukakaponya mu repu, woyandikana naye nyumba amaganiza kuti mwamuna wako wapeza ntchito. Amayi a ku George anakalandira ndi manja awiri, ndipo Justina ndiye anakadziwa kukagwiritsa ntchito kuposa onse. Fackson akabwera madzulo kochokera kofuna maganyu, mapazi ali mbuu, ankapeza ndiwo zonunkhira ngati kale. Ankadya, n'kuyamikira, osafunsa kuti munthu amaphika bwanji zotere ndi tindalama timene iye ankasiya m'mawa. Amuna ambiri funso limeneli amalizemba, ndipo Fackson analizemba mwaluso.

Mutu unayamba chaka chomwecho. Akatha kudya, pasanapite nthawi, kumbuyo kwa khosi kunkayamba kutentha. Nkhope inkamangika ngati wina akuikoka ndi chingwe, pachifuwa n'kulemera, thukuta n'kuyamba, kenaka mutu unkagunda mpaka kuwala kwa kandulo kumamupweteka m'maso. Ankagona atamanga nsalu yonyowa pachipumi, m'mawa n'kudzuka ngati munthu wa matsire, pomwe mowa sankaulawa n'komwe.

Anayesa zonse zimene munthu amayesa. Anamwa mapiritsi a mutu mpaka wa pakantemba anayamba kumusungira akeake. Anapita ku kiliniki, anamupima magazi kuthamanga kwake n'kumuuza kuti ali bwinobwino, achepetse kuganiza. Munthu wopanda ntchito, wa ana anayi, achepetse kuganiza! Justina anamutengera kwa abusa a mpingo wake, amene anamugwira pamutu n'kudzudzula mzimu wa umphawi mokweza mpaka agalu a m'komboni anayankha. Ena anati amene amulodza ndi anzake akale a ku fakitale, ena anati ndi eni nyumba. Aliyense anali ndi munthu womuloza chala, koma mphika palibe anauganizira.

Mwayi wachiwiri wa Fackson unali Hamidu, Msilamu wa makolo ochokera ku Mangochi, amene ankasula mbaula ndi ndowa kuseri kwa msika. Hamidu anaona kuti munthuyu manja ake ngolunjika, ndipo anamutenga kuti azidula malata ndi kuboola mabowo a mbaula. Chakudya cha masana chinkabwera ndi mlongo wake wa Hamidu, dzina lake Abiba, mayi wamasiye wa msinkhu wa Fackson, wosakonda zolankhula. Ankabweretsa nyemba, therere, nthawi zina nkhwani wotendera, zonse zophika ndi mchere ndi tomato basi. Fackson ankadya nawo, n'kubwerera pa malata mutu uli mbee, ngakhale nyundo zinkalira tsiku lonse pafupi ndi makutu ake.

Tsiku lina, pochita manyazi ndi kudya za eni ake, ananyamula m'kachitini ndiwo zotsala dzulo kuti nawonso alaweko za kwawo. Abiba anatsegula, n'kutsekanso pomwepo.

"Muli kyubu umu," anatero.

"Nanga ni choipa?" Fackson anafunsa.

Hamidu ndiye anayankha. "Musakhumudwe, achimwene. Ife sitidya timeneti. Pa pepala ajambula nkhuku, koma ndani anaona nyama imene anaperamo? Mwina ndi nkhumba."

Fackson anadya yekha ndiwo zakezo, chifukwa kutaya sakanatha. Dzuwa lisanapendeke khosi linayamba kutentha, nkhope kumangika, ndipo kwa nthawi yoyamba mutu uja unamupeza masana, pantchito. Anakhala pansi pa mulu wa malata atagwira chipumi, n'kumayang'ana kachitini kopanda kanthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: m'mawa mwake anabwerera ku kiliniki atanyamula kyubu m'thumba. Anapeza dokotala wina wachinyamata amene anali ndi nthawi yomvetsera. Iyeyo anawerenga timalemba ta papepala, n'kumuuza kuti muli ufa woyera wofanana ndi mchere, wokometsa chakudya, dzina lake monosodiyamu gulutameti. Anati anthu ambiri amadya osamva kanthu, koma alipo ena amene amadandaula ngati iyeyo, ndipo mankhwala ake n'kuusiya basi. Anamuchenjeza kuti ufa womwewo umapezeka mu supu ya m'mapaketi, m'masoseji ndi m'tokometsera tambiri togulitsa pamsika. Dzinalo Fackson analiiwala asanatuluke pageti, koma anabwerera kunyumba akuyenda ngati munthu wopeza ntchito.

Anapeza Justina akupepeza moto pa mbaula.

"Amake Webster, napeza chamene chinidwalitsa. Ni kyubu."

Justina sanadzutse mutu. "Kyubu? Komboni yonse idya kyubu. Bana banu badya, ine nidya. Mutu wanu chabe ndiye wa golide?"

"Ba dokota bakamba kuti benangu vimabachita so."

"Ba dokota bamene banakamba kuti muleke kuganiza?"

"Benangu aba. Imwe lekani chabe kuikamo, tione."

"Nileke, ndiye mudye chani?"

Funso limeneli linali ndi zambiri m'kati mwake, ndipo munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kulisinkhasinkha. Fackson sanaime. Bambo wamkulu, wa ndevu zake, wolangizidwa bwinobwino pa ukwati, anatsegula pakamwa n'kunena kuti: "Ba Abiba saikamo, koma ndiyo zao zimveka bwino maningi."

Justina anaika pansi chopepezera chija. "Ba ndani?"

Mkazi ungamuuze kuti ndiwo zapsa, ungamuuze kuti mchere wachuluka, adzakwiya tsiku limodzi n'kuiwala. Koma kutenga mphika wake n'kuuika pafupi ndi mphika wa mkazi wina, wamasiye, amene dzina lake sanalimvepo, kumeneko ndi kuputa mavu pachisa. Fackson anayesa kufotokoza za Hamidu, za malata, za nkhumba, koma mawu ake onse ankangomukumbira dzenje. Pomaliza anapempha chinthu chimene aliyense akanaganiza poyamba: kuti azimupakulira zake asanaponyemo kyubu, ana azidya zokomazo.

"Ine nipatse bamuna banga ndiyo za manzi, bana badye zabwino?" Justina anatero. "Bantu bakaona bazakamba chani? Ba anti sibananiphunzise so. Mu nyumba yanga mbale ya bamuna siichoka yoipa kuposa ya bana."

Anakana kwamtuwagalu, ndipo chifukwa chenicheni sananene. Fackson naye sanafunse.

Pamenepa m'pamene unayambira moyo wonunkhiza. Madzulo mbale zikabwera, Fackson ankaweramira ndiwo, fungo la nkhuku yopanda nkhuku likamufika ankazikankhira pambali, n'kudya nsima ndi tomato wosaphika wothira mchere. Tomatoyo ankabwera naye m'thumba la jekete. Mbale ya ndiwo inkatuluka monga inalowera, ndipo ku George khitchini ndi pabwalo, pomwe amayi a nyumba zoyandikana amaona chilichonse chotuluka pakhomo. Sanachedwe kuyamba kumumvera chisoni Justina, chisoni chija chimene chimapweteka kuposa chipongwe. Mmodzi anamuuza kuti mwamuna wosadya pakhomo ndiye kuti wakhuta kwina. Wina anati amuyang'ane bwino, Asilamu amadziwa kuphika.

Kunja nako kunalibe mtendere. Pamaliro, amayi akamapakula kabichi wa mumgolo, Fackson ankafunsa funso lake lija, ophikawo n'kuyang'anana. Kodi akuti tamuikira mankhwala? Ku tchalitchi pa chikondwerero anakana supu, anthu n'kunena kuti kuyambira pomwe anayamba kuyenda ndi Hamidu wasintha, posachedwa avala kachipewa koyera ka Asilamu. Pa ukwati wa mwana wa mnzake anabweza soseji, chinthu chimene ena anali asanachilawe chaka chonse, ndipo mwini ukwati sanamulankhulitsenso. Akafotokoza za ufa woyera, anthu ankaseka. Matenda amene iwo ankawadziwa ndi ogoneka munthu m'chipatala, osati odwala lero chifukwa cha kabichi, mawa n'kukasula mbaula. Fackson anatopa n'kufotokoza, anayamba kungonena kuti wakhuta, ndipo bodza limenelo linathira mafuta pa mphekesera zija.

Justina anaganiza zomugwira bodza. Tsiku lina anaphika nkhwani wotendera, nafikisiramo theka la kyubu, podziwa kuti nsinjiro zibisa fungo. Analumbira kuti sanaikemo kanthu. Fackson anasangalala ngati mwana, anadya mpaka kupukuta mbale ndi chala. Posakhalitsa anali chigonere, nsalu yonyowa pachipumi. Mukuganiza kuti Justina anakhulupirira? Anati ayenera kuti anaona kapepala konyezimira pa phulusa, ndiye akuchita dala. Fackson atamva kuti anapusitsidwa, analeka kukhulupirira ngakhale lumbiro la mkazi wake. Anthu awiri okondana, ogona chipinda chimodzi, anafika poti wina akubisa kyubu m'chitenje, wina akubisa tomato m'jekete.

M'kati mwa sabata Fackson ankapirira chifukwa masana ankakhuta kwa Hamidu. Vuto linali Lamlungu, pomwe iye sankapita ku ntchito ya mbaula. Njala ndi yoipa, imachotsa munthu nzeru. Anayamba kuti akatuluka m'tchalitchi, amauza mkazi wake kuti akukaona za malata, n'kulunjika kunyumba kwa Hamidu kumene Abiba ankakhala. Sankalowa m'nyumba. Ankakhala pa benchi pakhonde, Abiba n'kumupatsa mbale ya nyemba chifukwa mlendo sabwezedwa, iye n'kudya, n'kuthokoza, n'kumapita. M'mutu mwake munalibe choipa chilichonse. Koma mapanga awiri avumbwitsa, ndipo zimenezi Fackson ankazidziwa monga amadziwira wina aliyense.

Anthu anamutsina khutu Justina. Lamlungu lina anamutsatira chapatali, akadali m'zovala za ku tchalitchi. Tsikulo, mwatsoka, Hamidu anali atapita kukagula malata ku tauni. Justina anakhota pangodya n'kuona mwamuna wake ali pakhonde la mkazi wamasiye, manja a malaya atapinda, akudya ndi mtima wonse, mayiyo ataima pambali ndi jagi ya madzi osamba m'manja. Akanamupeza atagwirana naye manja mwina akanalalata n'kutha. Koma anamupeza akudya, akunyambita zala, nkhope ili yowala monga inkawalira kale pa mbale zake.

Sanalalate. Anangoti, "Idyani, Bashi Webster. Mukhute."

Fackson atafika kunyumba, atathamanga njira yonse, anapeza mkazi wake wamanga katundu. Justina anatenga ana awiri ang'onoang'ono n'kupita kwa azakhali ake ku Matero. Apa ndiye madzi anafika m'khosi. Fackson ankamukonda Justina, ndipo mantha amene anamugwira masiku otsatirawo anaposa aja a tsiku la loko pageti. Ntchito ina munthu amaipeza, koma ukwati wake unali kutha chifukwa cha kanthu kogula pa kantemba.

A Elina anamuitanitsa Loweruka. Anali mayi wamkulu thupi, amene analangizapo atsikana a theka la Matero, ndipo milandu ya m'mabanja anali ataimva yamitundumitundu. Fackson anakhala pa kampando kafupi, chipewa chili pabondo. Justina anakhala pamphasa, kumbuyo kwa azakhali ake, akuyang'ana khoma.

"Ba mpongozi," a Elina anayamba, "ine namvapo mwamuna wa moba, mwamuna womenya, mwamuna wa bakazi babili. Koma mwamuna wothaba kabichi sininamveko. Nikambileni."

Fackson anafotokoza zonse, kuyambira kutentha kwa khosi mpaka dokotala wachinyamata. A Elina anamufunsa dzina la ufawo, iye n'kulephera kulitchula, ndipo zimenezo sizinamuthandize.

"Na uja mukazi?"

"Kulibe chilichonse, amai. Nimadya chabe."

"Mumadya chabe," a Elina anabwereza, akugwedeza mutu. "Mwamvela vamene mwakamba? Nanga mukazi mu nyumba ni wa chani?"

Fackson anadzutsa mutu n'kunena kuti ngati sakumukhulupirira, aphike pomwepo, aikemo kyubu, iye adya pamaso pawo, aone okha. A Elina anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kutuma Justina kuti ayatse mbaula.

Tangoganizani zimenezi. Munthu wodwala, m'malo momumvera, akumuuza kuti adwale kaye pagulu ndiye amukhulupirire. Ndipo iye mwini ndiye wapempha, ali wokondwa kuti mpata wapezeka. Repu anaphikidwa, makyubu awiri anaponyedwamo kuti pasakhale chikaiko, ndipo Fackson anadya mbale yonse a Elina atamuyang'anitsitsa kuti asabise kanthu m'tsaya. Atatha, onse atatu anadikira.

Zinabwera monga mwa nthawi zonse. Thukuta linayamba kutsika m'mbali mwa makutu, mtsempha wa pachipumi unatupa n'kumagunda moonekera, maso anafiira. Fackson anamasula batani la pakhosi, n'kuyamba kupuma ndi pakamwa. A Elina anadzuka, anamugwira kumbuyo kwa khosi, n'kuchotsa dzanja msanga.

"Uyu muntu sanama," anatero. "Justina, leta manzi na nsalu."

Justina anabweretsa, ndipo anamumanga yekha nsaluyo. Kunyumba ankaona mwamuna wake akagona chafufumimba mu mdima, n'kumati ndi matama. Tsopano anamuona masana, pafupi, ndipo anachita manyazi ndi mantha pamodzi.

Chigamulo cha a Elina chinali chachidule. Matenda ndi enieni, koma matenda sapatsa mwamuna chilolezo chodya pakhonde la mkazi wina. Fackson apepese, ndipo kupatula chakudya cha pantchito, phazi lake lisakapondenso kumeneko. Justina abwerere kunyumba kwake, ndipo azipakula mbale ya mwamuna wake asanaponye kyubu mumphika. Anthu akafunsa, anene kuti a Elina ndiwo alamula. Chinthu chimene chikanatheka tsiku loyamba lija chinadikira kuti ukwati ugwedezeke, kuti mayi wamasiye wosalakwa atchuke dzina m'komboni, ndi kuti munthu adzidwalitse dala. Justina anavomera ndi mutu, koma nkhope yake sinali ya munthu wopepukidwa. Fackson anaganiza kuti akadali wokwiya.

Anabwerera ku George tsiku lotsatira. Madzulo ake Fackson anakhala m'nyumba akumva mkazi wake akuphika pabwalo, ana akukangana za malo okhala, ndipo mtima wake unali m'malo. Justina analowa, anagwada, anamusambitsa m'manja, n'kuika mbale patebulo. Kenaka anatuluka, ndipo posakhalitsa fungo la nkhuku lija linalowa pakhomo, kusonyeza kuti za ana zakonzeka.

Fackson anavundukula mbale yake. Munali kabichi wotuwa, woyandama m'madzi oyera. Munalibe kufiira kwa tomato, munalibe anyezi, munalibe pamwamba ngakhale diso limodzi la mafuta ophikira, amene kuno amati saladi. Anaganiza kuti mkazi wake akumulanga, ndipo mtima unamupsa. Atalowanso Justina, iye anafunsa mokweza pang'ono.

"Amake Webster, ba anti banakamba kyubu chabe. Nanga saladi? Nanga tomato?"

Justina anakhala pansi pafupi ndi chitseko, n'kukonza chitenje pamaondo. Analankhula mosathamanga, zimene sizinali zachizolowezi chake.

"Saladi ya kuti, Bashi Webster? Mu nyumba muno saladi imangena pa mwezi kamozi, ikangena. Tomato nigula ngati mwana adwala. Vamene mumasiya m'mawa vikwanila unga wa nsima, malasha ya pa mbaula, kabichi na kyubu imozi. Kuchokela pamene banatseka kampani, ndiyo zanu ni izi. Nenze kuikamo chabe kaja kuti musaone."

Fackson anayang'ana m'mbale. Zaka zonsezi ankadya madzi ndi kabichi, n'kumayamikira nkhuku, n'kumagona akudziuza kuti ngakhale ntchito inatha, pakhomo pake sipanafike poipa. Mkazi uyu analola kutchedwa wouma mutu, analola kuchitiridwa chisoni ndi amayi a pabwalo, analola ngakhale kupakira katundu, kusiyana n'kuti amuikire patebulo chinthu chimene mwamuna wake ankakwanitsa kugula. Manyazi anamugwira kuyambira kumapazi. Anakumbukira mawu ake aja oti ndiwo za Abiba zimakoma popanda kyubu, Abiba amene mlongo wake ankamugulira tomato ndi nsinjiro tsiku lililonse, ndipo analakalaka nthaka itang'ambika.

Panja ana ankadya mwaphokoso, akulimbirana msuzi. Fackson anatema nsima, anaiviika m'madzi aja, n'kudya. Sizinkakoma chilichonse. Anadya pang'onopang'ono mpaka kumaliza, Justina akumuyang'ana. Anakhala kanthawi onse awiri, akudikira. Khosi silinatenthe, nkhope sinamangike.

"Mutu uli bwanji?" Justina anafunsa.

"Uli bwino."

"Na ndiyo?"

"Mwapika bwino, Amake Webster."

"Musaname," anatero Justina, akusonkhanitsa mbale. "Na mawa ni izi zamene."